Bambo Damien wa ku Molokai: Wansembe Amene Adatula Pansi Ufulu Wake

Chaka chilichonse pa 10 Meyi Eklezia amakumbukira Damien Woyera wa ku Molokai. Oyera ambiri timaŵakumbukira pa tsiku limene adamwalira, koma uyu ai. Iye adamwalira mwezi wa Epulo. Tsiku la 10 Meyi ndi limene adatsika m'sitima ya pamadzi m'chaka cha 1873, naponda pa mtunda wa odwala khate, kumene munthu akapitako sankayembekeza kubwerako. Tifuna tikambe mbiri yake lero, popeza ikukhudza funso limene limavuta akhristu ambiri m'mabanja ndi m'miphakati mwathu: kodi munthu angasiye chinthu chimene chili chake ndithu, chimene palibe lamulo lomlanda, chifukwa cha udindo wake kapena cha chikhulupiriro chake? Nanga akatero, ndani ali ndi mphamvu zomuuza kuti atero?

Funsoli ndi lakale ngati Eklezia yemwe. M'kalata yake yoyamba kwa Akorinto, mutu 9, Paulo Woyera akuŵerenga zimene zinali zoyenera iye monga mpostoli: kudyetsedwa ndi mpingo, kuyenda ndi mkazi wachikhristu monga ankachitira Petro, kusagwira ntchito ina yopezera chakudya. Akutsimikiza kuti zonsezi nzake, kenaka akuti sadazigwiritse ntchito, kuwopa kuika chopinga pa Mthenga Wabwino. Koma Paulo yemweyo, pamene asilikali ankafuna kumkwapula ku Yerusalemu, adaŵakumbutsa kuti iye ndi mfulu ya Chiroma, ndipo mkwapulo udabwerera m'malo mwake. Ku Filipi adakana kutuluka m'ndende mwakachetechete, nafuna kuti akuluakulu amene adammenya popanda mlandu abwere okha kudzamtulutsa. Tsono sitinganene kuti Paulo ankanyoza ufulu wake. Ankaudziŵa bwino, ndipo ankasankha yekha nthaŵi youtula ndi nthaŵi youtchula. Tisunge zimenezi m'mutu pamene tikupita ku Hawaii.

Zilumba za Hawaii zili pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific, ndipo masiku amenewo zinali ndi mfumu yaoyao. Matenda obwera ndi alendo anali atapulula kale anthu ambiri a kumeneko, ndipo khate litayamba kufala, boma lidachita mantha. M'chaka cha 1865, pa ufumu wa Kamehameha V, adakhazikitsa lamulo lakuti aliyense wopezeka ndi khate apatulidwe. Malo adasankhawo ndi ndomo ya Kalaupapa pa chilumba cha Molokai: mbali zitatu nyanja yaukali, mbali yachinai phompho lalitali mamita pafupifupi 600. Sipadafunike mpanda kapena alonda. Odwala oyamba adaŵatula kumeneko mu Januwale 1866, pa mudzi wa Kalawao, ndipo kuchokera apo mpaka 1969, pamene lamuloli lidathetsedwa, anthu okwana ngati 8,000 adatumizidwako.

Eni dziko adaipatsa nthendayi dzina lotanthauza kuti nthenda yolekanitsa. Chimene chinkaŵaŵa kwambiri sichinali zilonda, koma kuchotsedwa pakati pa abale. Apolisi ankafunafuna odwala m'midzi monga ofunafuna mbala, ndipo mabanja ankabisa odwala ao. Boma lidaganiza poyamba kuti anthuwo azilima ndi kudzidyetsa okha, osalingalira kuti munthu woduka zala sangagwire khasu. Chakudya chinkachepa, sing'anga wokhazikika kunalibe, amphamvu ankalanda za ofooka, ndipo akufa ena ankaikidwa m'maenje osaya mwakuti nkhumba zinkaŵafukula. Anthu ameneŵa sadatule ufulu wao. Adalandidwa. Mfundo imeneyi tiigwiritse, chifukwa pali alaliki ena amene amasokoneza ziŵirizi, nkumayamikira kupirira kwa wolandidwa ngati kuti adapereka mphatso.

Komabe ngakhale Bambo Damien asanafike, kunali kale anthu amene adapitako mwa kufuna kwao. Ankatchedwa kokua, ndiye kuti athandizi: amuna, akazi, makolo, anthu amoyo wabwino amene adakana kusiya wodwala wao kupita yekha. Maina a ambiri a iwo sadziŵika kunja kwa Hawaii. Mmodzi amene mbiri idamsunga ndi Jonathan Napela, munthu wophunzira ndi wolemekezeka, wa mpingo wa Mormon, amene adatsagana ndi mkazi wake wodwala m'chaka cha 1873. Iyenso adatenga khate, namwalira komweko mu 1879. Anali bwenzi la Bambo Damien ngakhale ankapemphera kosiyana. Ife Akatolika tikamanyadira woyera wathu, tisaiŵale kuti kunalinso akhristu a mpingo wa Chiprotestanti amene adakhazikitsa mpingo wao wa Siloama kumeneko mu 1866 momwe. Amuna ndi akazi a pabanja amene mukutimvera, dziŵani kuti malumbiro a ukwati adatsogola ku Molokai, a unsembe nkubwera pambuyo.

Jozef De Veuster adabadwa pa 3 Januwale 1840 ku Tremelo, m'dziko la Belgium, m'banja la alimi. Bambo wake adamkonzera zoti adzatenge munda ndi malonda a tirigu, ndipo adamtumiza kukaphunzira Chifalansa kuti malondawo adzayende bwino. Ichi ndicho choyamba chimene mnyamatayo adasiya. Adatsata mkulu wake Pamphile ku chipani cha Mitima Yoyera ya Yesu ndi Maria, natenga dzina la Damien. Pochita malumbiro ake m'chaka cha 1860, adagona chafufumimba pansi, ndipo adamfunda nsalu yakuda ya maliro monga unaliri mwambo wa chipanicho, kusonyeza kuti munthu wakale wafa. Achinyamata ambiri adafundidwapo nsalu imeneyo nadzuka nkuiŵala. Iye sadaiŵale.

Amene adasankhidwa kupita ku Hawaii anali Pamphile, koma adadwala ulendo utayandikira. Damien, asanadzozedwe nkomwe unsembe, adalemba kalata kwa mkulu wa chipani chonse kupempha kuti apite m'malo mwa mbale wake, ndipo adaloledwa. Adatsazikana ndi makolo ake mu 1863, osadzaŵaonanso. Atayenda pa nyanja miyezi yoposa inai, adafika ku Honolulu pa 19 Malichi 1864, ndipo pa 21 Meyi chaka chomwecho Ambuye Louis Maigret adamdzoza unsembe. Zaka zisanu ndi zinai zotsatira Bambo Damien adatumikira pa chilumba chachikulu cha Hawaii, ku Puna ndi ku Kohala, akumanga matchalitchi ndi manja ao, akuona akhristu ao ena akutengedwa kupita ku Molokai.

Tsono tafika pa chimene tikuchiyesa mtima wa mbiri yonseyi. Mu Meyi 1873 ansembe adasonkhana ku Wailuku, pa chilumba cha Maui, kudalitsa tchalitchi latsopano. Ambuye Maigret adaŵafotokozera za akhristu a ku Kalawao amene ankafa opanda masakramenti, popeza wansembe ankangofikako mwa apo ndi apo. Episkopiyo anali ndi mphamvu zotuma aliyense wa iwo, pakuti onse adalumbira kumvera. Koma sadafune kugwiritsa ntchito mphamvuzo pa nkhani imene inali ngati kutuma munthu ku imfa. Adafunsa ngati alipo wofuna. Ansembe anai adadzipereka, napangana kuti azisinthana, aliyense miyezi ingapo. Woyamba kupita adali Bambo Damien, ali ndi zaka 33.

Taonani, pa tsiku limodzi anthu aŵiri adatula ufulu: wansembe adatula wa kudziteteza, episkopi adatula wa kulamula. Ife tikuganiza kuti popanda wachiŵiriyu, woyambayo sakadakhala nsembe. Mbuzi yolanda sitiitcha chopereka. Mau ameneŵa akuloza ife ansembe poyamba, kenaka akuluakulu a mpingo ndi eni mabanja. Nkwapafupi kuuza mkatekisiti kuti agwire ntchito ya Mulungu osafunsa za malipiro, pamene ana ake akusoŵa fizi. Ngati iye mwini, ataganiza bwino pamodzi ndi mkazi wake, asankha kutumikira mwaulere monga Paulo, Mulungu alemekezeke. Koma parishi ilibe chilolezo chomsankhira zimenezo, ndipo Malamulo a Eklezia a chaka cha 1983 amanena poyera kuti akhristu eniake odzipereka pa ntchito ya mpingo ayenera kulandira malipiro okwanira kusamala mabanja ao. Chimodzimodzi mwamuna amene amauza mkazi wake kuti apirire nkhonya chifukwa ndi mkhristu: ameneyo akulanda, asabisale kumbuyo kwa mtanda.

Bambo Damien adapeza odwala pafupifupi 800. Kunali katchalitchi kakang'ono ka Filomena Woyera, koma nyumba ya wansembe kunalibe, ndipo masabata oyamba adagona pansi pa mtengo pafupi ndi manda. Posakhalitsa adalembera akuluakulu ao kuti zosinthana zija zikhale, iwo atsala komweko, nakumbutsa za nsalu ya maliro ija. Ntchito zao zinali za kalipentala ndi mmisiri pamodzi ndi za unsembe. Adamanga nyumba za matabwa m'malo mwa zisakasa, adathandiza kukoka madzi a m'mipope kuchokera ku chigwa, adakuza tchalitchi, adasonkhanitsa ana amasiye, adatsuka zilonda, adakhoma mabokosi a maliro ndi kukumba manda osaŵerengeka. Adakhazikitsa magulu osamala za maliro kuti munthu aziikidwa mwaulemu, ndiponso gulu la oimba. Fungo la zilonda m'tchalitchi linali lotere kuti masiku oyamba ankavutika kutsiriza Misa, ndipo adayamba kusuta kaliwo kuti alipirire. Pansi pa tchalitchi adaboola timabowo kuti odwala pakhosi azilavulira momwemo osachita kutuluka kunja.

Akuluakulu adaŵalangiza kuti asamakhudze odwala ndi kuti asamadye nao. Iwo sadatsate. Ankapisa dzanja m'mbale imodzi ndi anthu ao, monga timachitira ife ndi nsima, ndipo khomo la nyumba yao linali lotsekula. Polalika sankati "inu akhate" koma "ife akhate", kalekale nthenda isanaŵagwire. Ena amati uku kunali kusasamala, ndipo pa zina akunena zoona, pakuti Bambo Damien sanali munthu waukhondo kwenikweni. Sitikulangiza anamwino athu kuti aleke kusamba m'manja. Koma anthu amene dziko lonse lidaŵakana kuŵakhudza sakadakhulupirira ulaliki wa wansembe woima patali.

Pamene ankadzimana chotere, pa za odwala sankagonja mpang'ono pomwe. Bungwe la boma loona za umoyo ku Honolulu lidatopa ndi makalata ao opempha matabwa, zovala, chakudya, mankhwala. Ankakangana, ankaumirira, nthaŵi zina ankapsa mtima. Papa Yohane XXIII adadzaphunzitsa mu 1963, m'kalata yake ya Pacem in Terris, kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chakudya, pogona ndi chithandizo cha mankhwala chifukwa chakuti ndi munthu. Bambo Damien sadaŵerenge kalata imeneyo, koma ankadziŵa kuti ufulu umene angathe kuutula ndi wao wokha, wa anzao alibe nao mphamvu youtaya.

Pali nsembe zimene munthu amasankha, ndipo pali zina zimene zimabwera pambuyo pake osaziitana. Zachiŵirizi ndizo zidaŵapweteka kwambiri. M'chaka choyamba chomwe, boma lidalamula kuti wansembeyu asachoke pa Kalaupapa. Kwa iwo izi zidatanthauza kukhala opanda kulapa, popeza wansembe sangadzikhululukire yekha machimo. Mkulu wao wa chipani, Bambo Modeste, adabwera pa sitima, koma adamletsa kutsika, ndipo Bambo Damien atapalasa bwato kufika pambali pa sitimayo, adaŵaletsa kukwera. Tsono adagwada m'bwato momwemo, naulula machimo ao mokweza m'Chifalansa, anthu ali chilili pamwamba kuŵayang'ana, nalandira chikhululukiro chochokera pa sitima. Chinsinsi cha kulapa ndi ufulu wa mkhristu aliyense, ngakhale wakupha munthu. Tsiku limenelo iwo adaona kuti sakramenti likuposa manyazi. Pambuyo pake lamulolo lidafeŵetsedwa.

Mbiri yao idamveka kutali. Mu 1881 mlongo wa mfumu, Liliuokalani, adayendera odwala, ndipo mfumu Kalakaua adapatsa wansembeyu mendulo yaulemu. Ndalama zidayamba kubwera kuchokera kunja, zina zosonkhedwa ku London ndi mbusa wa mpingo wa Anglican, Hugh Chapman. Kutchuka kumeneku sikudakondweretse onse. Episkopi watsopano, Ambuye Hermann Koeckemann, ndi mkulu watsopano wa chipani, Bambo Léonor Fouesnel, ankaŵaona ngati munthu wamakani, wodzimva, wochititsa manyazi boma ndi mishoni pomveketsa kuti ku Molokai kulibe wina wogwira ntchito koma iye. Tisabise, Bambo Damien anali wovuta kukhala naye. Ansembe aŵiri amene adatumizidwa kukaŵathandiza pa nthaŵi zosiyana, onse adakangana nao nachoka. Kuyera sikudaŵachotsere liuma lao la mlimi.

Mu Disembala 1884 adaviika phazi m'madzi otentha kwambiri, khungu lidatupa matuza, koma sadamve kupweteka. Sing'anga Eduard Arning adatsimikiza kuti ndi khate. Pamenepo mkulu wa chipani adaŵaletsa kubwera ku Honolulu, ngakhale kudzalapa, kuwopa kuti nyumba ya mishoni ingasalidwe. Bambo Damien adalemba kuti kukanizidwa kumeneko, ndi mau aukali amene kudabwera nao, kudaŵaŵaŵa kuposa mavuto onse amene adaŵaona chiyambire ubwana wao. Adadandaula poyera kwa episkopi, ndipo mu 1886 adapita ku Honolulu masiku oŵerengeka, nakhala ku chipatala cha akhate cha Kakaako, kenaka nkubwerera kwa anthu ao. Apa tikuona kuti kutula ufulu sikutseka munthu pakamwa. Sadachoke m'chipani, sadagalukire akulu ao, koma sadanamizirenso kuti zimene adaŵachita zinali zabwino.

Choŵaŵa china chinali cha mbiri yao. Masiku amenewo anthu ambiri, ngakhale asing'anga ena, ankakhulupirira kuti khate limachokera ku chindoko, choncho wansembe akalitenga ndiye kuti adaphwanya malumbiro ake. Bambo Damien adalola kuti asing'anga aŵayeze thupi lonse, ndipo sadapeze chizindikiro cha nthenda imeneyo. Chonsecho kachilombo koyambitsa khate kanali katapezeka kale ndi sing'anga wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, mu 1873, chaka chomwe iwo adafika ku Molokai. Lero tikudziŵa kuti khate silichokera ku chiwerewere, si temberero, ndipo anthu ochuluka kwambiri salitenga ngakhale akhale pafupi ndi wodwala. Mankhwala oyamba olichiza adapezeka m'zaka za m'ma 1940, ndipo kuyambira m'ma 1980 pali mankhwala ophatikiza amene amachiza m'miyezi 6 kapena 12, wodwala ali pakhomo pake. Kuno kwathu achikulire akukumbukira midzi ya odwala khate ku Mua ndi ku Utale, kumene ansembe ndi asisitere ankaŵasamala. Wina akaona banga pakhungu losamva kukhudza, apite ku chipatala msanga, ndipo mphakati usamsale.

Zaka zao zotsiriza sadakhale okha. Mu 1886 kudafika Joseph Dutton, Mmereka amene adamenyapo nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya kwao, munthu wofuna kulipira moyo wake wakale wa uchidakwa. Adakhala kumeneko zaka zoposa 40 akulera anyamata amasiye. Mu 1888 kudabwera Bambo Louis Conrardy, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kudafika Amai Marianne Cope ndi asisitere anzao a Fransisko Woyera. Amai ameneŵa njira yao inali ina: adaika malamulo okhwima a ukhondo, ndipo pa asisitere ao palibe amene adatenga khate. Iwonso adatsala ku Kalaupapa mpaka imfa yao mu 1918, ndipo adatchedwa woyera mu 2012. Eklezia adavomereza onse aŵiri, wodya m'mbale imodzi ndi wosamba m'manja.

Bambo Damien adagwirabe ntchito ndi manja otupa, akukonzanso tchalitchi la Filomena Woyera, mpaka mphamvu zidaŵathera. Adamwalira pa 15 Epulo 1889, Lolemba la Sabata Loyera, ali ndi zaka 49, ndipo adaikidwa pansi pa mtengo uja adagonapo masabata oyamba. Patangopita miyezi yochepa, mbusa wina wa ku Honolulu, Charles Hyde, adalemba kalata imene idasindikizidwa m'nyuzipepala, yoŵanena kuti anali munthu wauve, wamakani, ndi wosadziletsa pa za akazi. Amene adayankha sanali wansembe kapena Mkatolika, koma mlembi wa mabuku wa ku Scotland, Robert Louis Stevenson, amene adayendera Kalaupapa wansembeyu atangomwalira nafunsa anthu a komweko. M'kalata yake ya 1890 adavomera za uve ndi makani, koma adamfunsa mbusayo chifukwa chimene iye mwini adakhalira m'nyumba yake yabwino ku Honolulu.

Ngakhale manda amene adadzisankhira sadaŵasiyire. Mu 1936, boma la Belgium litapempha, thupi lao lidafukulidwa nkutengedwa kupita ku Leuven, odwala a ku Kalaupapa akulira, popeza palibe amene adaŵafunsa maganizo. Papa Yohane Paulo II adaŵatcha wodala ku Brussels pa 4 Juni 1995, ndipo Papa Benedikito XVI adaŵatcha woyera pa 11 Okutobala 2009. M'chaka cha 1995 chomwecho mafupa a dzanja lao lamanja adabwezedwa ku Molokai, naikidwa m'manda akale aja pambali pa tchalitchi la Filomena Woyera ku Kalawao.